A Nakansalu ndi Galu Wovala Kansalu ka Mnzake

Malemu amene tawagoneka patsogolo pathupa, amene ambiri mumawadziwa kuti a Nakansalu, anabadwa pa 14 Juni 1958. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Atisiya Lachiwiri lapitali, pa 25 Epulo 2023, ali ndi zaka 64. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo. Dzulo masana onse a banja tinakangana ngati titchule matenda amene awatenga, kapena tingonena kuti anadwala nthawi yochepa monga amanenera anzathu. Tagwirizana zotchula. Malemu amwalira ndi chiwewe. Galu amene anawaluma analumanso anthu ena asanu, ndipo awiri mwa anthuwo mpaka lero sanathandizidwe mokwanira. Mmodzi ali pompano, ndawaona polowa. Ndiye amene mukunong'onezana za ufiti cha kumpandako, taimani kaye, mumve mmene zinayendera.

Sukulu anayamba mu 1965, nalekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi mu 1971 bambo athu atayamba kudwaladwala. Chingerezi chinkawavuta, koma mutu wawo sunkataya kanthu. Ukawalakwira Lolemba, ankakukumbutsa chaka chinacho, ndi malaya amene unavala tsikulo. Mu 1973 anayamba kuphunzira kusoka kwa telala wina wa pakhonde la sitolo. Anayambira kuika mabatani ndi kupinda miyendo ya mathalauza, ndipo pofika 1976 anali ndi makina awoawo opalasa ndi phazi. Makina ake ndi omwe mwawadutsa pakhonde aja, ofunditsidwa nsalu.

Pa 3 Sepitembala 1977 anamanga banja ndi alamu athu, mmisiri womanga nyumba, munthu wofatsa amene tsiku lonse ankatha kulankhula mawu khumi basi. Otsalawo ankalankhula ndi malemu. Mulungu anawapatsa ana asanu. Alamu athuwo anatsogola mu 2009.

Mu Sepitembala 1991, mwana wawo wachitatu, mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri, anatola kagalu panjira pochokera kusukulu, nabwera nako atakafungatira mu yunifolomu. Kanamuluma chala. Bala lake linali ngati wabayidwa ndi minga, moti malemu anangong'amba kansalu n'kumumanga, n'kubwerera pa makina. Patatha sabata kagaluko kanafa, anakataya kudzala, nkhani n'kuiwalika. Patapita miyezi iwiri mwana anayamba kudandaula mutu, kenako kukana madzi. Ludzu ali nalo, koma kapu ikangofika pafupi, kukuwa. Anamwalira pa 18 Novembala 1991. Adokotala anawauza malemu zinthu ziwiri. Choyamba, akanabwera naye tsiku lolumidwalo, mwana akanakhala moyo. Chachiwiri, agalu a m'dera lathu akanakhala obayidwa katemera, matendawo sakanafika pa kagalu kaja. Makina anakhala chete miyezi itatu.

Mu 1992 a chipatala cha ziweto, amene timangowati a vetenale, analengeza kuti abwera pabwalo la sukulu kudzabaya agalu ndi amphaka. Malemu analibe galu, koma anapita, n'kukhala pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka anthuwo kulongedza. Anawerenga agalu asanu ndi anayi. Mphaka panalibe ndi mmodzi yemwe. Kuno kumene galu mmodzi akauwa amayankhidwa ndi mzere wonse wa nyumba, agalu asanu ndi anayi! Anabwerera akulankhula okha. Mawa lake anagula kope, nayamba kulowa khomo ndi khomo. Analemba agalu 63 ndi amphaka 28, aliyense maonekedwe ake ndi mwini wake.

Chaka chotsatira ndi pamene anayamba za tinsalu. Ankatenga zotsala posoka, kuzidula timalamba, kusoka mizere iwiri kuti tisadukeduke. Tsiku la katemera ankaima pambali pa a vetenale. Singano ikalowa iwo akuona ndi maso awo, ankamanga kansalu m'khosi mwa chiwetocho ndi manja awo. Panalibe zoti ndipatseni ndikamange kunyumba. Chaka chilichonse chinali ndi mtundu wake: chino kofiira, chamawa kachikasu, chinacho kabuluu. Dzina la Nakansalu linachokera pamenepo. Linayamba ngati chipongwe, koma eni ake analilandira ndi manja awiri.

Pamaliro timakonda kunena kuti malemu anali ofatsa. Ine sindinena zimenezo, mungandiseke. Malemu anali otopetsa. Makina anawaika moyang'ana kumsewu. Galu akadutsa ali ndi kansalu ka chaka chatha, kapena khosi lili mbee, ankasiya diresi ili pakati pa msoko, kuvala patapata, kumutsatira mpaka kwawo. Mwini diresi akhale pabenchi adikire. Diresi ya ukwati ya mwana wawo woyamba anaimaliza m'mawa wa tsiku la ukwatiwo, mkwatibwi ataima pambali akulira, chifukwa sabata yonseyo mayi ake anali kuthamangitsana ndi agalu a eni. Ena mwa inu munapita kukasoketsa, anakuyezani bwinobwino, m'chiuno, m'mapewa, kenako n'kupinda tepi n'kufunsa kuti, "Nanga galu wanu wakuda uja?" Mukachita chibwibwi, nsalu yanu ankakubwezerani.

Koma nanunso munawatopetsa. Zifukwa zanu zili m'makope awo, ankazilemba. Wina akuti galu wanga satuluka kumpanda, chonsecho galuyo ali ndi ana m'makomo atatu. Wina akuti mphakayu si wanga, amangobwera, mphakayo atagona pabedi lake. Wina akuti galu akabayidwa sabereka, wina akuti amasiya kuuwa. Bambo ena, amene sindiwatchula chifukwa atithandiza kunyamula mipando, anawauza malemu nkhope ili gwa kuti galu wawo anafa mwezi watha, galuyo akukanda chitseko cha bafa kumbuyo kwawo. Malemu anangoti, "Pepani ndi maliro. Tatsegulani bafalo, malemuwo akufuna kutuluka."

Amphaka ndiye anali nkhondo ina. Mphaka sungamukoke ndi chingwe. Malemu anasoka timatumba ta nsalu yolimba, tokhala ndi chingwe chokoka kukamwa ndi kabowo kumbuyo kolowetsera singano. Ankabwereketsa timatumbato, ndipo theka lake silinabwerere, ena mukusungiramo mapegi. Manja awo onse anali mikwingwirima yokhayokha ya zikhadabo.

Mu 2004 tiana ta agalu tinayamba kufa motsatizana. Kusanza, kutsegula m'mimba magazi, masiku atatu kapita. Amphaka nawo chimfine, maso omatana ndi manthongo. Anthu anathamangira kunena kuti ndi jakisoni wa a Nakansalu. Malemu anakwera basi kukafunsa ku ofesi ya a vetenale, ndipo anawauza kuti amenewo ndi matenda ena, ali ndi katemera wakewake wobaya chiweto chikadali chaching'ono. Kuyambira pamenepo, chiweto chimene chalandira katemera wachiwiriyo ankachisokera batani lakuda pa kansalu. Ntchito inawonjezeka, kukalipa kunawonjezekanso.

Zipatso zake tonse tinaziona. Kuchokera mu 1992 mpaka chaka chino, kuno sitinaikeko munthu wa chiwewe. Koma panabadwa chizolowezi. Munthu akalumidwa, funso loyamba linkakhala lakuti galuyo wavala kansalu kanji. Kakakhala ka chaka chino, munthu ankangotsuka bala n'kumapitiriza ulendo. A vetenale anawachenjeza malemu mu 2015 kuti umboni weniweni ndi khadi limene iwo amalemba, osati nsalu. Malemu anawayankha kuti, "Galu sayenda ndi khadi m'thumba." Tinaseka tonse. Lero sitikuseka.

Tsopano ndifike povuta. Zimene nditi ndinenezi, mwini wake wapempha yekha kuti ziwerengedwe, ndiye pasapezeke womuloza chala tikamatuluka. Mwana wotsiriza wa malemu anakwatiwa mu 2012 ndi mkamwini wathu, amene amamata matayala pa shedi ya kumsewu waukulu. Ndi munthu wolimbikira, sanatichititsepo manyazi. Pa shedipo anali ndi galu wokalamba, wofiirira, dzina lake Kapitawo. Mu Januwale chaka chino Kapitawo anabayidwa, malemu atamugwira okha miyendo, n'kumumanga kansalu kobiriwira ka chaka chino, ka batani lakuda.

Mu Febuluwale Kapitawo anagundidwa ndi lole. Mkamwini anakatenga galu wina kutali kwa mnzake, wamkulu kale, wofiirira ngati woyambayo. Anzake ocheza nawo pa shedi anamuuza kuti asayerekeze kumubayitsa, galu wobayidwa amasanduka nkhosa, akuba adzanyamula pampu iye akugwedeza mchira. Mbali inayi ankaopa pakamwa pa apongozi ake. Ndiye anamasula kansalu m'khosi mwa galu wakufa, kukachapa, n'kumanga m'khosi mwa watsopanoyo. Ntchito ya mphindi ziwiri. Za imfa ya Kapitawo sanawauze malemu.

Lachinayi pa 9 Malichi malemu anapita ku shediko kukasiya ovolosi imene anamusokera zigamba. Galu anatuluka pansi pa benchi osauwa n'komwe, n'kuwagwira dzanja lamanja. Mukudziwa kuti zaka zapitazi maso a malemu anachita ng'ala, ulusi ankawalowetsera pa singano ndi adzukulu. Anaona galu wofiirira. Anthu atamugwira, iwo anapapasa kansalu kaja ndi dzanja linalo, namva mizere yawo iwiri, namva batani. Ndiye anati, "Iwe Kapitawo, mwano wauyamba liti?" Mkamwini anali ataima pomwepo. Anawasiya akhulupirire choncho.

Bala analitsuka ndi sopo pampopi nthawi yaitali, monga ankaphunzitsira ena. Mwana wawo woyamba anawachonderera kuti apite kuchipatala. Anakana. Ati, "Ndikatani? Galuyu ndinamugwira ndekha miyendo pobayidwa." Taonani zimenezo. Munthu amene kwa zaka makumi atatu ankakokera ana a eni kuchipatala chifukwa cha kukandidwa ndi mphaka, yekha anakana. Tinawauza kawiri, katatu, koma amene munayesapo kuwasintha maganizo malemu mukudziwa kuti bola kukankha khoma.

Komabe lamulo lawo sanaliiwale, lakuti galu woluma umuyang'anire masiku khumi, chifukwa wachiwewe sadutsa pamenepo. Lamulungu pa 19 Malichi, pochokera kutchalitchi, anadzera ku shedi kukafunsa. Galuyo anali atafa pa 13, atatha masiku akuluma matayala ndi kutuluka dovu, ndipo anali atakwiriridwa kuseri kwa shediyo. Mkamwini anawauza kuti wamubwereketsa kwa mnzake akalondere kumunda, ali bwinobwino, akudya. Malemu anabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Akanauzidwa zoona tsiku limenelo, bwenzi lero ali pakhonde akutikalipira.

Lolemba pa 17 Epulo dzanja lija linayamba kunyerenyetsa pa chipsera, thupi kutentha. Tonse tinati ndi malungo. Lachinayi pa 20 m'mawa mwana wawo anawapatsa madzi omwera mankhwala. Kapu itafika pakamwa, khosi linakana. Anayesanso, linakananso. Malemu anaiyang'ana kapuyo nthawi yaitali. Panalibe wowauza, anali ataziona kale mu 1991. Anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Kandiitanireni bambo a ku shedi." Atafika anangomufunsa kuti, "Kapitawo ali kuti?" Mkamwini anagwada pakhomo la chipinda n'kuulula zonse.

Tinkayembekeza kuti denga lisasuka. Sanakweze mawu, ndipo chimenecho ndi chimene chinatiopsa. Anaitanitsa kope ndi cholembera, n'kufunsa kuti, "Analuma angati?" Mkamwini anawerenga, iwo akulemba zilembo zikuluzikulu zokhotakhota. Mdzukulu wawo wa zaka zinayi, mwana wa mkamwini yemweyo, pa mwendo. Mayi ogulitsa tomato pafupi ndi shedi. Alonda a pasitolo ya zitsulo. Abambo ometa tsitsi a pa siteji ya basi. Ndi bambo wina wa njinga, wodutsa, amene palibe akumudziwa dzina. Onsewa anaonetsedwa kansalu kobiriwira n'kuuzidwa kuti musadandaule, ndi wobayidwa uyu. Malemu anakana kukwera galimoto yopita kuchipatala mpaka mdzukuluyo atakwera kaye.

Kuchipatala madokotala anatiuza mosabisa kuti chiwewe chikafika poonekera, mankhwala ake palibe. Koma anatiuzanso kuti amene analumidwa ndipo sanayambe kudwala, mpata ulipo, bola ayambe majakisoni msanga ndi kuwamaliza onse. Mdzukulu, mayi a tomato ndi alonda anayamba, ndipo akupitiriza mwa masiku ake. Malemu anachonga okha mizere itatu m'kope muja. Masiku amene anatsatira sindiwafotokoza, ana awo awaona mokwanira. Anamwino anayesetsa kuwachepetsera ululu. Nthawi iliyonse imene mutu wabwerera, funso linali limodzi: awiri aja bwanji? Anatisiya Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa, mizere iwiri ili yosachonga.

Ndiye tamva zimene zikuyenda kunjaku. Ena akuti malemu analodzedwa ndi anthu amene ankawavutitsa za agalu. Akanakhala oti amalodzeka ndi zimenezo, bwenzi tinawaika mu 1993. Ena, ndipo awa ndi amene atipsetsa mtima kwambiri, akuti mwaona, galu wobayidwa yemweyo wawapha, katemerayu ndi wachabe. Mvetsani bwino, ndibwereza pang'onopang'ono. Galu amene analuma malemu sanabayidwepo chibadwire. Anavala kansalu ka mnzake wakufa. Katemera sanalakwe kanthu. Chalakwa ndi bodza, ndi mantha, ndi nzeru za pabenchi za anthu amene sanaonepo mwana akuthawa kapu ya madzi. Ndipo tamva kuti si shedi yokha kumene tinsalu tinkasamutsidwa. Eni ake mukudzidziwa.

Malemu anasiya mawu atatu, ndipo ndiwanena monga anawanenera. Oyamba: "Bambo a ku shedi musawathamangitse. Ana awo alera ndani? Chilango chawo, azigwira agalu miyendo chaka chilichonse mpaka akalambe." Mkamwini wavomera. Achiwiri, tinsalu tatha ntchito. Tobiriwira timene tinatsala m'chitini anati tidulidwe, ndipo mwana wawo woyamba watidula dzulo ndi sizasi ya mayi ake. Loweruka likubwerali, pa 29, a vetenale adzakhala pabwalo la sukulu kuyambira 8 koloko. Galu aliyense ndi mphaka aliyense abwere, wa kansalu ndi wopanda kansalu, wa m'bafa yemwe. Amene muli ndi makhadi mubwere nawo. Amene muli ndi timatumba ta malemu, khuthulani mapegi, muikemo mphaka. Ndipo kuyambira lero, wolumidwa atsuke bala ndi sopo apite kuchipatala tsiku lomwelo, galuyo kaya wavala chiyani.

Mawu achitatu ndi a mizere iwiri ija. Bambo wa njinga analumidwa pa katumba wa mwendo wamanzere Lachisanu pa 10 Malichi, akudikira kuti amumatire chubu. Ndi wamtali, wochepa thupi, dzino limodzi lakutsogolo linaguluka. Njinga yake ndi yabuluu, kumbuyo amamangako mathileyi a mazira. Mkamwini wazungulira misika itatu osamupeza. Pano tadzaza bwalo, ndipo mazira timadya tonse. Wina akumudziwa munthu ameneyu. Musadikire kuti mwambo uthe, tulukani mumuimbire foni pompano, palibe akuyeseni wamwano.

Malemu asiya ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, adzukulu khumi ndi mmodzi, ndi mdzukulutuvi mmodzi wa miyezi isanu. Kwathu kobadwira tatsala atatu, alongo awo awiri ndi mng'ono wawo mmodzi. Asiyanso makope khumi ndi anayi a agalu ndi amphaka, ndi madiresi atatu osamaliza, amene eni ake atipeze sabata yamawa.

A banja tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mpaka mapeto, osatopa ndi mafunso awo. Tikuthokoza a vetenale amene abwera kudzakhala nafe lero, amene malemu anawavutitsa kuposa wina aliyense. Tikuthokoza a mpingo ndi a kwaya, amayi amene mwakhala kukhitchini chiyambire Lachiwiri, abambo amene mwakonza kumanda, matelala anzawo amene mwasoka nsalu ya m'bokosi, ndi anansi onse, ngakhale amene munkawatsekera geti mukawaona akubwera ndi kope.

Tsopano abambo ometa tsitsi. Pepani kuti ndikukutchulani pagulu, koma kunyumba kwanu tafikako katatu. Munalandira jakisoni woyamba pa 21, ndipo tsiku lobwereranso simunapite. Mukuti mkono unatupa, simukutha kugwira makina ometera. Mukutinso mwamva kuti za malemuzi ndi za anthu, si za galu. Mwamva nokha mmene zinayendera. Galu yemweyo, sabata yomweyo, mano omwewo. Malemu bala lawo linali laling'ono kuposa lanu. Muli ndi akazi anu ndi ana atatu, awo akhala apowo. Galimoto ya mwana wa malemu yaima pageti, ndipo mkamwini akuperekezani mpaka m'manja mwa anamwino. Kumanda musapite, tipita tokha. Malemu sakwiya mukajomba maliro awo. Akwiya mukatsatira bokosi lawo lero, ife n'kudzatsatira lanu mwezi wamawa. Mipando imeneyi tatopa nayo kunyamula.

A banja andiuza kuti ndisatsirize mbiriyi musanaimirire. Ndidikira.

Zikomo, bambo. Apatseni njira adutse.

Alongo athu, mwathamangitsana ndi agalu a eni zaka 31, osapuma, osatipumitsa. Kope lili ndi ine. Mzere wachinayi ndichonga madzulo ano, ndipo wa njingayo timupeza. Gonani tsopano, siyani kuyang'ana kumsewu. Mulungu akulandireni, akukumanitseni ndi mwana wanu uja, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.